Zala za Teruyo

Madokotala atanena kuti amayi ake safika chaka chatsopano, Teruyo anabwera kwathu ndi timitengo tiwiri tatitali tophikira, taja timatembenuzira nsomba m'mafuta, atatikulunga m'nyuzipepala. Anandipeza ndikusintha madzi a maluwa paguwa la malemu amuna anga. Sanalankhule mpaka nditamaliza pemphero. Pa zimenezo anali waulemu, ngakhale iye mwini anasiya kalekale kupemphera.

"Kayo-chan, uli ndi nyemba za soya zouma?"

"Ufuna kuphika ndi manja akowo?"

"Wanena zophika ndani? Ndifuna kutola." Anakhala pansi n'kukankhira mtolo uja kwa ine kuti ndimasule. "Iwe unatolapo mafupa a amuna ako. Tandiuza, amalemera bwanji?"

Ndinamuuza zoona, kuti salemera n'komwe. Chimenecho ndiye chinandidabwitsa tsiku lija. Mwamuna amene ankanyamula thumba la mpunga paphewa limodzi anatuluka m'ng'anjo yotenthera mitembo ali mbee ngati choko, wopepuka ngati chikhokhombe cha dzira. Ine ndi mwana wanga tinaima moyang'anizana, aliyense ndi timitengo take, n'kugwira fupa limodzi tonse awiri kukaliika mumtsuko. Abale anatsatira awiriawiri, kuyambira mafupa a kumapazi kukwera kumutu. Komalizira kanali kafupa ka pakhosi, kaja kamaoneka ngati Buddha atakhala pansi, komwe kamatoledwa ndi amene anali pafupi kwambiri ndi malemuyo.

"Kameneko ndiye ndikufuna," anatero Teruyo. "Ndawadyetsa, ndawasambitsa, ndawatembenuza pamphasa. Katsumi amabwera kawiri pachaka atanyamula vwende. Kafupa ka pakhosi ka amayi anga ndidzatola ine."

Katsumi ndi mlongo wake, wamng'ono kwa iye, mwana wamwamuna yekhayo m'banjamo.

Anaika manja ake patebulo, tonse n'kumawayang'ana. Zala za kumanja zinali zopindikira mkati, zoyera ngati zakhalitsa m'madzi. Chala chachikulu chinkanjenjemera chokha.

Tinadziwana tili atsikana, m'chipinda chobowolera makhadi cha kampani ina kuno ku Kawasaki, yomwe inkakonza mabilu a gasi ndi a madzi. Ine ndinali nditangomaliza sukulu. Iye anandiposa ndi zaka ziwiri, ndipo ndi amene anandiphunzitsa ntchito. Kompyuta ya masiku amenewo inkadzaza chipinda chonse, koma inali mbuli. Zilembo zovuta za kanji, zomwe timalembera mayina athu, sinkadziwa ndi chimodzi chomwe. Inkadziwa manambala ndi zilembo zosavuta za katakana basi, ndipo ngakhale zimenezo sinkaziwerenga papepala. Chilembo chilichonse chinali ndi timabowo taketake pakhadi. Makalaliki ankatibweretsera milu ya mapepala a mayina, ife n'kumadina mabatani, makina n'kumabowola. Dzina limene makolo analisankhira zilembo zokongola, mpaka kukafunsa wansembe kukachisi, likafika m'manja mwathu linkasanduka timabowo.

Chilembo chokhala ndi timadontho tiwiri pamwamba, ngati ga kapena zu, chinkafuna kudina kawiri, kamodzi ka chilembocho, kamodzi ka timadonthoto. Choncho Teruyo ankadana ndi anthu ena asanawaone ndi nkhope yomwe.

"Tamuonani uyu!" ankafuula kuposa phokoso la makina, a kapitawo akangotuluka. "Jinguji Gonzaburo! Makolo ake analibe chisoni. Atsikana inu, mwamuna wa dzina ngati limeneli musamuyandikire, adzakuthetsani zala."

"Nanga a Ogiwara?" wina ankafunsa. A Ogiwara ndiwo anali a kapitawo athuwo.

"Amenewo dzina lawo limabaya kamodzi kokha, koma pakatikati. Ngati eni ake."

Tinkaseka zala zikuthamangabe. Chipindacho ankachiziziritsa chifukwa cha makina, osati chifukwa cha ife. Kunja anthu akutuluka thukuta, ife tili m'majuzi, mapewa ali gwa. Makina alionse ankawerenga okha mmene mwadinira, ndipo mwezi ukatha a Ogiwara ankamanga kariboni, kansalu kaulemu kofiira, pa makina a mtsikana wothamanga kuposa onse. Kariboniko kanachita kusuluka pa makina a Teruyo. Sankayang'ana mabatani. Maso ankakhala papepala, dzanja lamanzere likutsatira mzere, lamanja likugwa ngati mvula padenga. Akabwera alendo oona kompyuta, a Ogiwara ankawaimika kumbuyo kwake kuti aone. Teruyo ankanamizira kuti sakuwaona, koma makutu ake ankafiira. Ankaikonda ntchitoyo. Ndikunena zimenezi chifukwa pambuyo pake iye ankakana.

Bambo ake anamwalira akadali pasukulu. Amayi ake, a Shizue, anali a m'badwo uja ana aakazi ankapatsidwa mayina a katakana, ndipo dzina lawo linkathera ndi chilembo chakale, ヱ, chomwe ana asukulu anali atasiya kuphunzira. Pamakina athu chinalibe batani. Lamulo linali lakuti tikakumana nacho tidine chatsopano, エ. Mapepala a dera lakwawo atagwera pa mulu wa Teruyo, iye yemwe ndiye anabowola dzina la amayi ake motero. Bilu itafika kunyumba ndinalipo, linali Lamlungu, tikumwa tiyi.

A Shizue anaitalikitsa ndi maso, n'kuiyandikitsanso. "Uyu ndi ndani?"

"Ndinuyo, amayi."

"Ine ayi."

"Likumveka chimodzimodzi, amayi. Palibe angadziwe."

"Ine ndadziwa. Bambo anga anayenda wapansi mpaka ku ofesi ya m'mudzi kukalembetsa dzina langa lili ndi mutu wake wopindika, iwe walidula mutu. Chimakina chodya magetsi a mudzi wonse chalephera chilembo chimodzi cha mayi wamasiye? Ndipo iwe, mwana wobereka ndekha, unadina osanjenjemera?"

"Ndikanjenjemera andilanda kariboni."

"Kariboni! Kayoko-san, tamumvani mwana uyu. Wagulitsa mutu wa mayi ake ndi kansalu."

Anatenga pensulo n'kubwezeretsa mutu wa chilembocho pabiluyo. Ankatero mwezi ndi mwezi asanakalipire, mpaka pomwe maso awo anafa. Makompyuta anadzaphunzira chilembo chimenecho patapita zaka, koma palibe anabwerera kukakonza mayina a nkhalamba.

Ine ndinakwatiwa msanga, anandipatsa maluwa n'kunditsanzika, monga ankachitira ndi mtsikana aliyense akapeza banja. Ntchito imeneyo anaikonzera anthu odutsa, oti abowole zaka zitatu zinayi n'kumapita dzanja lisanayambe kudandaula. Teruyo sakanachoka. Katsumi anali atalowa koleji, ndipo womuphunzitsa anali mlongo wakeyo.

Zinayamba ngati kuzizira kwa nsonga za zala. Kenako ululu unakwera m'mkono mpaka m'khosi. Anayamba kugwetsa zinthu, chipeso, chikho, tikiti ya sitima. Ankamata mkono wonse mankhwala onunkha n'kuvala malaya aatali manja kuti a Ogiwara asaone. Sanali yekha. M'makampani ambiri atsikana a makina amenewa ankadwala chimodzimodzi, ndipo nyuzi zinkalemba. Koma dokotala wa kampani yathu sanamugwire n'komwe dzanja.

"Muli pabanja?" anamufunsa.

"Ayi."

"Ndiye vuto ndi limenelo. Mtsikana akachedwa pabanja mitsempha imasokonekera. Kunyumba mumachapa zovala pamanja?"

"Timachapa."

"Mwaona? Makina athu mwana angadine ndi kachala kamodzi. Pezani mwamuna, muchira."

Anayesadi. Mayi wina wa m'dera lawo, wodziwa kupezera anthu mabanja, anamukonzera zokaonana ndi mnyamata wogwira ntchito ku njanji. Ndinamuveka ndekha kimono ya maluwa. Zinayenda bwino mpaka pomwe anayenera kuthirira tiyi amayi ake a mnyamatayo. Ketulo inamupulumuka, tiyi yense pamiyendo pa mayiwo. Mawa lake uthenga unabwera wakuti Teruyo ndi mtsikana wabwino kwambiri, woposa mwana wawo, sangamuyenere.

Kuntchito sanamuchotse. Kwathu kuno sachotsa munthu. Anamusamutsa pa makina n'kumupatsa ntchito yotaya zinyenyeswazi za makhadi, tija tinkagwa pobowola. Tsiku lonse ankazungulira ndi chidebe pakati pa atsikana omwe anawaphunzitsa yekha, iwo n'kumazolika. Atatopa nazo anapita kwa a Ogiwara kuti akusiya. Kalata yosiyira ntchito imayenera kunena kuti munthu akuchoka pa zifukwa zake, ndipo amalemba yekha. Cholembera chinamukanika. A Ogiwara, mwaulemu wonse, anamulembera, n'kumugwirira pepala kuti adindepo chidindo chake.

"Mwatumikira bwino, Inomata-san," anatero, kumutchula dzina la banja lawo. "Mudzisamalire."

Chaka chomwecho Katsumi anamaliza koleji, anapeza ntchito yabwino ku Yokohama, posakhalitsa anakwatira Harumi. Teruyo anapeza pokhala pakhomo la bafa la anthu onse la m'dera lawo, kulandira matikiti. Ankati ndi malo okhawo m'dziko muno omwe manja ake amamva bwino, chifukwa cha nthunzi. Madzi otentha ankazibweza zalazo kwa kanthawi. Zikazizira zinkafanso, osamva ngakhale utazibaya ndi singano. Bafalo litatsekedwa, amayi ake anali atagwa kale ndi matenda oumitsa ziwalo, ndiye ntchito yake inasanduka imeneyo. Ankawanyamula ndi zigongono. Supuni ankaimangirira kudzanja ndi kansalu. Ankakangana tsiku ndi tsiku ngati ana, ndipo wina akangokhala chete mnzake ankada nkhawa.

Ine ndinkamuitanira kukachisi, makamaka amuna anga atamwalira, pamene ndinayamba kupitako m'mawa uliwonse. Ankandionetsa manja ake omwe sankatheka kuphatikizana.

"Buddha wakoyo amamva pemphero la nkhonya?"

"Amamva, Teru-chan. Sayang'ana manja."

"Eya, afanana ndi dokotala uja."

Ndimangomutchula m'mapemphero anga, osamuuza.

Nyengo yonse yogwa masamba ija, tsiku lomwe wosamalira odwala ankabwera kudzakhala ndi a Shizue, Teruyo ankabwera kwathu kudzaphunzira kutola. Ndinkamutenthetsera madzi m'beseni, n'kuviika manja mpaka afiire. Kenako tinkakhala moyang'anizana, iye ndi timitengo take, ine ndi tanga. Nyemba zinatikanika, zinkathawira pansi pa kabati. Ndinamuuza kuti fupa silili choncho, siliterera, koma limafumbutuka ukalifinya. Tinasintha n'kuyamba kutola zikhokhombe za mazira ndi zidutswa za choko. Poyamba ankaphwanya, chifukwa sankamva kuti wagwira kapena ayi.

"Pang'onopang'ono! Amenewo ndi amayi ako, si batani."

"Akanakhala batani ndikanawadina kalekale akhale chete."

Tinaseka mpaka misozi, kenaka iye anasiya kuseka, misozi yokha n'kumapitirira.

Anaphunzira kugwira ndi maso, kuyang'ana nsonga za timitengo mpaka ataona kuti zakhudza. Masamba atatha m'mitengo ankatha kunyamula chikhokhombe kuchoka patebulo mpaka m'mbale, osachigwetsa, osachiphwanya. Koma tinaona kuti zimatheka manja akadali otentha basi. Akangokhala kanthawi, dzanja linkabwerera mwakale. Ndinamugulira timapaketi totulutsa kutentha toika m'matumba, kuti tsikulo adzabise m'manja mwa kimono.

A Shizue anamwalira chaka chitatsala pang'ono kutha, m'mawa, Teruyo akuwapukuta kumaso. Katsumi anafika masana n'kutenga zonse m'manja mwake, pakuti wotsogolera maliro amakhala mwana wamwamuna. Anali atakwera kwambiri pantchito, ndiye maliro a mayi amene zaka zambiri sankaona mlendo anadzaza masuti akuda. Nkhata za maluwa zinafika mpaka kumsewu. Akuluakulu ena a kuntchito kwake, pofuna kumulemekeza, anatsagana nafe mpaka kotenthera mitembo, pamodzi ndi abale ambiri a Harumi. Ine ndinapita ngati womuthandiza Teruyo. Ndine ndinamumanga lamba wa kimono yakuda, ndine ndinamukolekera mikanda yopempherera padzanja.

Bokosi litalowa m'ng'anjo anatitengera m'chipinda chodikirira, momwe munali tiyi ndi tokhwasula. Teruyo anakumbatira chikho chotentha, osamwa. Harumi anabwera kudzagwada pambali pake, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Alamu, mwatopa kwambiri. Zotola zija musadzivutitse nazo. Ine ndiima ndi bambo a kunyumba, inu mungofukiza lubani. Amayi amvetsa."

"Amayi simukuwadziwa. Sanamvetsepo kanthu chibadwire."

"Ndimaganizira manja anuwo. Pali alendo aulemu. Chikagwa china pamaso pawo..."

"Chikagwa ndi mayi anga, si mbale zanu."

Katsumi anamva, anabwera akupukuta magalasi. "Achemwali, Harumi akunena chifukwa chokukondani."

"Katsumi, tandiuza. Amayi ankagonera mbali iti?"

"Achemwali, pano si malo ake."

"Mbali iti? Ankakonda phala lolimba kapena lamadzi? Mavwende ako aja ankadya ndani, ukudziwa? Amayi analibe mano, ine sindingagwire mpeni. Ankaolera paguwa la bambo."

Mkulu wina wa dazi wa kuntchito kwake anatembenuka. Katsumi anamuweramira akumwetulira, n'kutembenukiranso kwa mlongo wake nkhope itauma. "Chabwino. Tiima awiri, ine ndi inu. Koma chonde, musandichititse manyazi."

"Ndinayamba liti?"

Atatiitana, tinalowa m'chipinda cha miyala yosalala, chachikulu, chozizira ngati mtsinje. A Shizue anali pathireyi yachitsulo, ochepa kwambiri, kutentha kukutulukabe. Wantchito wovala magolovesi oyera anatipatsa timitengo. Oyamba kutola amakhala ana a malemu. Teruyo anatulutsa manja m'kimono ali ofiira bwino. Anayang'anitsitsa nsonga za timitengo, iye ndi Katsumi anagwira kafupa ka kuphazi, n'kukanyamula bwinobwino mpaka mumtsuko. Kanalira pang'ono pogwera pansi pa mtsukowo. Anandiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu.

Kenako anayenera kudikira kuti ena onse atole, kafupa ka pakhosi kasanafike. Tikanakhala abale okhaokha, sipakanapita nthawi. Koma panali mzere wautali wa anthu omwe sanawaonepo a Shizue ali moyo, ndipo aliyense ankafuna kuonetsa ulemu. Ankaweramira mafupa, kuweramira Katsumi, kukankhirana kuti yambani ndinu, ayi yambani ndinu. Pa nthawi yonseyo ana a malemu amayenera kuima pafupi ndi mtsuko, manja ali poyera ndi mikanda, kubweza ulemu kwa aliyense. Teruyo anayesa kubisa manja m'kimono. Harumi anamunong'oneza kuti alendo akuona. Anawatulutsa. Ndinaima kumbuyo kwake n'kumaona zala zija zikuyera pang'onopang'ono, kuyambira kunsonga. Ndinkatchula dzina la Buddha chamumtima kuti mzerewo uthe. Sunathe msanga.

Pomalizira wantchito uja anakankhira kafupa ka pakhosi pakati pa thireyi, payokha. "Taonani, katuluka bwino kwambiri, manja ake ali ophatikiza. Oyandikana kwambiri ndi malemu, chonde."

Teruyo analandira timitengo. Kamodzi kanamupulumuka, wantchito anakagwira kasanafike pansi n'kumubwezera pakati pa zala. Anawerama. Maso omwe ankadalira anali atadzaza misozi. Nsonga za timitengo take zinayendayenda mozungulira kafupako, zikugunda thireyi, ke, ke, ke, m'chipinda chonse muli zii. Anangofunika kanthawi. Kwathu ankatero kawirikawiri, kuphonya kangapo kenako n'kugwira. Ndikanakhala ine kutsidyako ndikanadikira.

Katsumi anayang'ana akuluakulu ake, anayang'ananso dzanja la mlongo wake. Kenaka anakagwira yekha kafupako, molimba, n'kukakweza. Timitengo ta Teruyo tinatsatira m'mwamba, pambali pake, titatsekeka popanda kanthu. Kafupako kanalowa mumtsuko. Onse anawerama. Wantchito anaika fupa la mutu pamwamba n'kutseka.

"Achemwali, mwachita bwino," anatero Katsumi, ndipo ndikhulupirira kuti ankaganiza kuti wamuthandiza.

"Mwachita bwino zedi, alamu," anatero Harumi. "Amayi akondwa."

Pobwerera, mu basi, Katsumi anakhala kutsogolo atafukata mtsuko, womwe unkapita kunyumba kwake ku Yokohama, komwe guwa la makolo linali loti lisamukire. Ine ndi Teruyo tinakhala kumbuyo kwenikweni. Titadutsa mlatho anandiitana.

"Kayo-chan."

"Ee."

"Sindinamve kanthu m'zalamu. Maso nawo sanaone. Onse akuti ndachita bwino." Anatembenuka kundiyang'ana. "Iwe unali kumbuyo kwanga. Ndinatola?"

Ndinali ndi mikanda m'manja. Ndinkadziwa mawu omwe akanamugonetsa tulo, ndipo anali pakamwa penipeni. Koma anafunsa ine osati Harumi chifukwa ankadziwa kuti sindinama.

"Ayi, Teru-chan. Anatola Katsumi. Timitengo tako sitinakhudze."

Anagwedeza mutu kangapo. Sanalire.

"Koma ka kuphazi kaja unatola wekha," ndinatero. "Ndinaona. Unanyamula bwino kuposa iye."

"Ka kuphazi. Ndi mkulu wa dazi uja anatola ka kuphazi. Sakudziwa n'komwe dzina lawo."

Pa chakudya cha pambuyo pa maliro sanakhudze kanthu. Anthu ankati ndi chisoni.

Masiku a maliro atakwana, tsiku lokaika mtsuko kumanda, Teruyo anati mkono wamugwira, sapita. Ndinapita ine m'malo mwake. Wansembe anawerenga bwino, kunja kunali kowala, Katsumi analira ndithu. Pobalalika Harumi anandipatsa bokosi la makeke a mpunga, lomangidwa ndi kachingwe koyera ndi kakuda, kuti ndikawapatse alamu ake, pamodzi ndi uthenga wakuti akhale omasuka kubwera ku Yokohama kudzafukiza lubani nthawi iliyonse, bola atayamba aimba foni.

Ndinamupeza atakhala m'chipinda cha amayi ake, momwe munali mutatsala chizindikiro cha guwa pakhoma, pomwe pepala lomata khoma silinasuluke. Ndinamufotokozera zonse mmene zinayendera, ndi uthenga womwe. Anamvetsera osadula. Kenako anakokera bokosi lija pafupi n'kuyamba kulimbana ndi mfundo ya kachingwe. Chala chinkaterereka. Anayesa ndi dzanja lamanzere, anayesanso ndi lamanja. Ndinatambasula dzanja kuti ndimuthandize.

"Lisiye," anatero.

Ndinalisiya. Ndimapitako kawiri pamlungu kukamutsegulira mabotolo ndi kumudula zikhadabo, ndipo zimenezo amalola. Bokosi lija likadali pomwepo, lomanga. Makekewo anauma kalekale.